Mapulagi Asanu ndi Atatu ndi Bowo Limodzi

M'mudzi mwathu, kumpoto kwa Holland kuno, mulibe munthu amene sadziwa kulira kwa galimoto yofiira ya a Douwe Hiemstra. Lamulungu lomaliza ukwati wa mwana wawo Marrit usanachitike, a Douwe analowa m'galaja mwawo akutsimphina ndi ndodo, ndipo pambuyo pawo pankabwera Jelmer, mkamwini woyembekezera, atanyamula makapu awiri a khofi.

Ine ndine mnansi wawo, ndipo chimene chimatilekanitsa ndi mpanda wa maluwa wolekeza m'chiuno. Choncho ndinaona zonse.

Galimotoyo ndi yakale, ya ku Italy, ndipo injini yake ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, pamene magalimoto ena ali ndi imodzi yokha. A Douwe amati n'chifukwa chake imalira mokasa mawu, ngati woimba besi amene wangodzuka kumene. Amati moto ukayatsidwa mbali ziwiri nthawi imodzi, mafuta amapsa mokondwera. Marrit ali khanda sankagona pokhapokha atamugoneka pampando wakumbuyo injini ikulira, ndipo a Douwe analumbira kalekale kuti pa tsiku la ukwati wake adzamuperekeza okha ndi nyimbo yomweyo, mudzi wonse ukumva.

M'galajamo muli malamulo awiri. Loyamba, chiwongolero sagwira wina aliyense. Lachiwiri, injini ikamalira mlendo salankhula. Amangoyankha chimene wafunsidwa.

Jelmer amagwira ntchito yoika mawindo otchinga phokoso m'nyumba za m'mphepete mwa msewu waukulu. Ndi munthu woti ukamuuza kuti adikire kamphindi, amayang'ana wotchi. Popita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, a Douwe anamuuza kuti galimoto aikonzekeretse ukwati, koma injini asaikhudze ndipo asaiyendetse. Jelmer anaitsuka, anaipukuta, mpaka analowa kunsi kwake ndi nsanza. Kumeneko anapeza bowo pa sailensa, chitini chija cha pa paipi yotulutsa utsi. Anachotsa sailensa yowolayo n'kuika yatsopano. Injini sanaikhudze, galimoto sanaiyendetse. Nkhaniyi anakonza zoifotokoza m'mawa womwewo, koma asanatsegule pakamwa a Douwe anali atakhala kale pampando n'kupotokola kiyi.

Injini inadzuka. Inalira mofatsa ngati mphaka wokhuta.

A Douwe anadikira. Anaponda mafuta pang'ono, kenako kwambiri. Mphaka uja anangotembenuka n'kupitiriza tulo.

"Bambo, ndimati ndikuuzeni kuti..." anayamba Jelmer.

Chala cha a Douwe chinakwera m'mwamba. "Chete, mnyamata. Mwini galimoto akumvetsera."

A Douwe anatuluka movutikira, anatsegula boneti, n'kuyamba kuloza mawaya a mapulagi ndi nsonga ya ndodo. Onse asanu ndi atatu anali m'malo mwake. Kunsi kwa galimoto sakanatha kusuzumirako, chifukwa dokotala anali atawaletsa kuwerama.

"Injiniyi unaikhudza?"

"Ayi, bambo."

"Galimoto unaiyendetsa?"

"Ayi, bambo."

"Ukuimva mmene ikuliriramu?"

"Ndikuimva."

"Bwinobwino?"

"Bwinobwino."

"Ikulira bwanji?"

Jelmer anapendeketsa mutu n'kumvetsera mofatsa, popeza sakonda kuyankha mopupuluma. "Chiidziwireni galimotoyi, sinalirepo bwino chonchi."

Pamenepo nkhope ya a Douwe inagwa. Mayi Aukje, akazi awo, akhala akunena kwa zaka zambiri kuti makutu a amuna awo akutha, ndipo a Douwe akhala akuyankha kuti makutu ali bwino, kungoti amasankha zomva. Koma kuchipatala kuja, bambo wa pabedi loyandikana ndi lawo anawauza kuti kugontha kumabwera ngati mbala: kumayamba kutenga mawu ena, ena n'kuwasiya, ndipo mankhwala ogonetsa a pa opaleshoni amakufulumizitsa. A Douwe anamuseka bamboyo. Tsopano sanali kuseka.

Anamutuma Jelmer kuti akaime kumbuyo kwa galimoto, ndipo Jelmer anati akuimva. Anamutuma pageti. Jelmer anaika dzanja kukhutu, anatseka maso, anasiya kupuma, ndipo patapita nthawi anagwedeza mutu kuti akuimva. Palibe anamufunsa ngati akuimva mokweza kapena motsitsa, ndiye iye sananene.

"Kwera njinga upite pamlatho," anatero a Douwe. "Ndikuimbira foni."

Mlatho wa pa ngalande uli kumapeto kwa mudzi. Pamenepo m'pamene asodzi a mbedza amamvera kulira kwa galimotoyo Lamulungu lililonse n'kudziwa kuti a Douwe adzuka. Jelmer anaika kapu yake pakhoma, anamanga mwendo wa thalauza kuti usakodwe mu tcheni, n'kupalasa. A Douwe anadikira pang'ono, kenako anaimba.

"Wafika?"

"Ndafika, bambo."

"Ukuimva?"

"Ndikuimva."

Sanali kunama. A Douwe anali ataima pafupi penipeni ndi injini, boneti ili chitsegukire, foni ili m'manja.

"Mpaka pamlatho," ananong'ona a Douwe, n'kukhala pampando wa m'galaja ngati thumba la mbatata.

Apa m'pamene galu wanga Siep anatulukira. Siep amadana ndi galimoto imeneyi kuyambira ali mwana, ndipo ikangolira amauwa mpaka mawu kutha. M'mawa umenewo anafika pampanda, anayang'ana galimoto, sanapeze chifukwa chouwira, ndipo anayasamula. Anayasamula kwambiri, mano onse poyera, kenako anabwerezanso. Jelmer anali akutsika panjinga nthawi yomweyo.

"Taona," anatero a Douwe. "Galu akuuwa mpaka kukamwa kung'ambika, ine sindikumva kanthu."

"Bambo, galuyo..."

Chala chinakweranso. "Sindinakufunse. Usandilimbitse mtima, sindine mwana."

A Douwe anayang'ana injini ikunjenjemera mwaulemu. Kenako anamukodola Jelmer kuti asendere pafupi, ndipo analankhula motsitsa ngati munthu amene akufunsa za maliro.

"Undiuze zoona, mkamwini. Pali chimene chatha, eti?"

Jelmer anapumira m'mwamba. Anaganiza kuti tsopano afika pa nkhani ya sailensa ija. "Chinatha, bambo."

"Iwe unadziwa kale?"

"Ndinadziwa."

"Liti?"

"Lachiwiri, muli kuchipatala."

A Douwe anakumbukira kuti Lachiwiri lomwelo anamwino anawauza kuti mnyamata wina wamtali anabwera kudzawazonda, anawapeza ali m'tulo, ndipo anakhala pambali pa bedi kwa nthawi ndithu.

"Anakuuza ndi dokotala?"

"Ayi, ndinaona ndekha."

"Unasuzumira?"

"Ndinasuzumira, bambo. Ndi tochi. Kunali mdima, ndiponso kunali litsiro lambiri. Ndinayamba ndapukuta ndi nsanza."

A Douwe anagwira khutu lawo lakumanzere n'kulibisa m'dzanja.

"Nanga n'chokonzeka?"

"Ayi. Chikafika pamenepo chatha basi. Zaka zachuluka. Bowo lake chala chimalowa."

A Douwe anayesa pang'onopang'ono kulowetsa chala m'khutu. Chinalowa.

"Marrit akudziwa?"

"Akudziwa. Anati ndi bwino, anansi apumako."

"Mwana wanga weniweni? Nanga Aukje?"

"Anandiphikira keke ya maapozi."

Ngati kuti amva dzina lawo, mayi Aukje anatsegula windo la kukhitchini n'kuitana, osakweza n'komwe mawu, kuti nthawi ya mapilisi yakwana, ndiponso kuti a Douwe asaiwale kuti dokotala anati asaime nthawi yaitali. A Douwe anamva liwu lililonse. Anadandaula kwa Jelmer kuti tsoka lake ndi limeneli: matenda abwera, asankha m'nyumba monse chinthu chimodzi chokha chofunika kumva n'kuchitenga, koma Aukje amusiya wathunthu. Anati akanafunsidwa iwo, akanapereka wailesi, belu la tchalitchi, misonkhano ya komiti ya mudzi ndi azilamu awo onse, bola injini itsale. Jelmer anagwedeza mutu mwaulemu, chifukwa m'mawu onsewo munalibe funso.

Kenako a Douwe anaimirira, anawongola msana mmene chiuno chinawalolera, n'kundiitana.

"A Sietse, tasenderani pampanda. Ndikufuna mboni."

Ndinasendera. Inenso ndinkamva kuti galimoto yafatsa modabwitsa, koma injini inali ikulira ndipo palibe anandifunsa. Lamulo ndi lamulo. Komanso linali Lamulungu labata kwambiri limene ndinalionapo m'mudzi muno.

A Douwe analankhula ngati m'busa pamanda. Anati galimoto imeneyi siyendetsedwa ndi maso koma ndi makutu. Kuti munthu amasintha giya injini ikapempha, osati singano ya pa dashibodi ikalamula. Kuti kupatsa gonthi galimoto yotere kuli ngati kupatsa ng'ombe limba. Anati Loweruka Marrit ayenera kuperekezedwa ndi munthu amene akumva nyimbo imene inamugoneka ali khanda, ndipo munthuyo tsopano si iwo. Anakumbutsa Jelmer kuti aziipatsa nthawi yoti itenthe asanainyamule, ndipo asadzayerekeze kuika pulagi imodzi pamene pamafunika awiri. Potsiriza anatambasula dzanja.

"Kuyambira lero ndi yako, yonse, ndi malamulo ake omwe. Ukulandira?"

Jelmer anayang'ana dzanjalo, anayang'ana ine, anayang'ana galimoto. Funso linali lomveka, ndipo linali ndi mayankho awiri okha.

"Ndikulandira, bambo."

Anagwirana chanza. Kwathu kuno anthu akagwirana chanza pamaso pa mboni, nkhani yatha, ndipo a Douwe ndiwo amakonda kunena kuti mawu a munthu si njinga yobwereka, sabwerera kwa mwini wake. Anabwereza mwambiwo pomwepo, misozi ikulengeza. Kenako anapisa dzanja pawindo la galimoto, anazimitsa injini, n'kuika makiyi m'dzanja la mkamwini wawo.

M'galaja munangoti zii.

"Poti injini yazima, ndingalankhule?" anafunsa Jelmer.

"Lankhula, mwanawe. Anthu ndiye ndikuwamvabe."

Jelmer anathokoza chifukwa cha mphatso, ndipo anati sankayembekezera kuti sailensa imodzi ingawakondweretse chonchi. Anafotokoza mwadongosolo mmene anaikwezera galimoto pa jeke, mmene anapezera bowo la dzimbiri, mmene anavutikira kupeza sailensa yofanana nayo, ndi mmene anasankhira yabwino koposa, yoti ngakhale khanda la m'nyumba yoyandikana silingadzuke. Anawonjezera kuti galu sanali kuuwa, ankayasamula.

A Douwe anatulutsa chala m'khutu pang'onopang'ono.

"Unachotsa sailensa yanga?"

"Inde, bambo."

"Ndinakufunsa ngati unaikhudza!"

"Munandifunsa za injini."

"Nanga pamlatho paja unaimva bwanji?"

"Pafoni."

A Douwe anatembenukira kwa ine ngati ndingawathandize. Ine ndinali ndikuyang'ana maluwa a pampanda mwachidwi.

A Douwe anafunsa kumene kunali sailensa yakale. Jelmer anati anapita nayo kumalo a khonsolo otayirako zinyalala, anaiponya m'chibokosi cha zitsulo, osati cha mapulasitiki, ndipo chibokosicho chinanyamulidwa Lachisanu monga mwa nthawi zonse. A Douwe anayamba kukana nkhani yonseyo. Anati sailensa siimba. Kuti nyimbo imachokera ku moto woyaka mbali ziwiri. Kuti iwo akhala akufotokoza zimenezi kwa anzawo a magalimoto a mtunduwu pa msonkhano uliwonse wa m'chilimwe, amuna akuluakulu ataima mozungulira boneti, zipewa zili m'manja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo za bowo.

"Mapulagi alipo onse, bambo," anatero Jelmer. "Mwawerenga nokha. Bowo ndiye palibe."

"Bowo siliimba."

"Ayi, bambo."

"Bowo ndi khomo chabe. Woimba ali mkati. Iwe wamutsekera m'nyumba."

"Ndiyo ntchito yanga, bambo."

A Douwe anapuma mwamphamvu, n'kutambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba. "Chabwino. Zachitika. Bweretsa makiyi."

Jelmer anayang'ana makiyiwo, ndipo ankaoneka kuti akuvutika mumtima. Anati akanakonda kubweza, koma sakufuna kuwasandutsa apongozi ake munthu wobweza mawu pamaso pa mnansi, sabata ya ukwati yomwe. Anafunsa ngati mwambi wa njinga uja unali ndi mbali ina imene iye sanaimve. A Douwe anati anapereka galimoto ali gonthi, ndipo tsopano si gonthi. Jelmer anayankha kuti ngakhale nthawi imeneyo sanali gonthi. Onse awiri anatembenukira kwa mboni.

"Ndinaona chanza," ndinatero. "Zambiri sindikudziwa."

A Douwe anayenda motsimphina mpaka pakhoma la zipangizo, anatenga makina obowolera, n'kulunjika kumbuyo kwa galimoto. Atafika anakumbukira chiuno. Anayesa kupinda bondo limodzi, chiuno chinakana. Anayesa linalo, chiuno chinakananso, ndipo windo la kukhitchini linatseguka pang'ono. Anaima pomwepo, makina ali m'manja, akuyang'ana paipi yonyezimira imene sakanatha kuifikira.

"Komanso, bambo," anatero Jelmer mofatsa, "simunapemphe."

"Kupempha chiyani?"

"Munati yonse, ndi malamulo ake omwe."

Sindinaonepo munthu akumeza mawu ake movutika chonchi. A Douwe anayang'ana mpando wakumbuyo pamene Marrit ankagona ali khanda. Loweruka linali pafupi, ndipo galimoto imene inali patsogolo pawo ikanadutsa m'mudzi monse popanda nkhuku imodzi kutembenuka. Anavula chipewa.

"A mwini galimoto," anatero, akuyang'ana denga, "ndikupempha bowo."

"Lalikulu bwanji?"

"Loti chala chilowe."

"Chala cha ndani, bambo? Changa kapena chanu?"

A Douwe anaika chala chawo pafupi ndi cha Jelmer. Chawo ndi chonenepa, cha munthu amene wakhala akumasula mabawuti moyo wake wonse. "Changa."

Jelmer anavula jekete la Lamulungu, analipinda bwinobwino, anayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Asanayambe anatulutsanso mutu n'kunena kuti Loweruka iye adzakhala akudikira mkwatibwi pakhomo la holo ya khonsolo, monga mwa mwambo, ndiye padzafunika dalaivala wodziwa njira komanso wamakutu abwino. Anafunsa ngati a Douwe angalole kubwereka galimotoyo tsiku limenelo, ndi masiku ena onse amene angaifune, poti iye kuntchito amapita panjinga ndipo kwawo kulibe galaja. A Douwe anayankha kuti aganizira. Anatembenukira kukhoma n'kumina mwamphamvu, nati m'galajamo muli fumbi.

Makina analira, kachitsulo kanagwa pakatoni. Jelmer anatuluka, anasamba m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mudzi uno, munthu wina osati a Douwe anakhala pa chiwongolero chimenecho. Anakonza galasi, anamanga lamba ngakhale galimoto inali m'galaja, n'kupotokola kiyi.

Woimba besi uja anadzuka, ndipo anadzuka ndi mkwiyo wa munthu amene anamutsekera m'nyumba sabata yonse. Makapu a khofi ananjenjemera pakhoma. Siep analumpha n'kuyamba kuuwa mpaka miyendo yakutsogolo kuchoka pansi. Windo la kukhitchini linatsekedwa mwamphamvu. Ndikukhulupirira kuti pamlatho asodzi anayang'anana n'kunena kuti mkulu uja wachira.

A Douwe anawala nkhope ngati mwana. Anagwira chitseko cha galimoto, anaweramira pawindo kupitirira mmene dokotala analolera, n'kuyamba kufuula kuti amveke pamwamba pa phokosolo.

"Ukumva, mkamwini? Ukumva? Amenewo ndi mapulagi asanu ndi atatu. Moto ukayatsidwa mbali ziwiri nthawi imodzi, mafuta..."

Jelmer sanatembenuke. Anali atatseka maso, mutu ataupendeketsa. Anangokweza chala chimodzi m'mwamba.

"Chete, apongozi. Mwini galimoto akumvetsera."